Diso Lamanzere la Mwana Wanga

Mwana wanga wachiwiri anayamba nkhonya ndi thumba la feteleza lodzaza mchenga, lomwe anapachika pamtengo wa mapeyala kuseri kwa nyumba zathu za pa esiteti. Ndinkangoti ndi masewera a munthu wotopa ndi kuthyola tiyi. Kenaka kunamveka zoti ku Luchenza kudzakhala nkhonya Lamulungu masana, ndipo katswiri wina wa ku Blantyre akusowa womenyana naye. Wanga anavomera osandiuza. Ndinazimvera ku shedi, komwe timayezetsa masamba.

Mnyamatayu ali wamng'ono, chitsa cha tiyi wodulira chinamulasa diso lamanzere. Kuchipatala cha mishoni analipulumutsa, koma adokotala ananena ine ndili pomwepo kuti likadzagundidwanso mwamphamvu silidzaonanso. Esiteti yonse inkadziwa. Ena mwa anzanga a ku shediko ndi omwe anamunyamula tsiku limenelo.

Koma mukanawamva pa shedipo! Aliyense anasanduka mneneri.

"Wa ku Blantyreyo ndi chimtolo, miyendo yake njaulesi," anatero kapitawo. "Ikamafika raundi yachitatu adzakhala akupuma ngati ng'ombe yokoka ngolo."

"Munamuonapo, akapitawo?"

"Pa foni ya mlamu wanga! Mimba ili apa."

"Inu siyani za mimba, kambani za manja," anatero wina akutsitsa dengu. "Munthu wothyola tiyi kuyambira m'mawa, manja onse awiri osapuma, m'tauni angamupeze kuti? Asanaphethire, adzakhala atalandira zinayi."

Mpaka anamulowetsa mwana wangayo m'thumba n'kumukoleka pa sikelo ya masamba. Atapeza kuti ndi wopepuka kwambiri kuposa mnzakeyo, anati bwinonso, wopepuka sagwidwa. Chilichonse chinkasanduka umboni woti apambana. Za diso palibe amene anatchula.

Amene anandipweteka kwambiri ndi dikoni mnzanga wa kumpingo, munthu amene ndagwada naye pamodzi zaka zambiri. Anandikokera pambali akumwetulira.

"Adikoni, mwaiwala kodi? Si kamnyamata koweta nkhosa kaja kanagwetsa chimphona ndi mwala umodzi?"

"Kamnyamata kaja anakatuma ndi Mulungu," ndinamuyankha. "Uyu mukumutuma ndinu. Ndiponso kanaponya kali patali, nkhope yake sinakhudzidwe."

Anaseka, nati chikhulupiriro changa chachepa. Mawu a Mulungu, amene tinapatsidwa kuti atipatse moyo, iye anawasandutsa mluzu wokuwizira ndewu.

Kunyumba ndinamukhazika pansi mnyamatayo. Ndinapemphera naye, ndinamukalipira, ndinamupempha ngati ndikupempha bwana.

"Ababa, anthu onse akuti ndipambana."

"Anthu onsewo ali ndi maso awiriawiri, ndipo Lolemba adzakhala nawobe."

Sanandimvere. Mawu a bambo mmodzi angapose bwanji shedi yonse?

Ndinapita ku Luchenzako pa kabaza, ngakhale sindinkafuna kuponda m'holo imeneyo. Raundi yoyamba manja ake analidi achangu, anthu athu n'kumakuwa mpaka malata kunjenjemera. Koma aneneri aja, onse othyola tiyi okhaokha, anaiwala chimene amachita tsiku lililonse. Tiyi amathyoledwa m'chiuno. Wothyola amaweramitsa mutu, manja ali m'munsi, ndipo thupi limazolowera. Mwana wanga atangoyamba kutopa, manja ake anatsikira komwe amakhala masiku onse, nkhope n'kutsala pamtunda. Wa ku Blantyre uja sanapume ngati ng'ombe ayi. Anadikira, anaona, n'kumenya kumanzere. Kawiri. Mwana wanga anagwa. Ndinakuwa kuti aimitse, koma mawu anga anamira m'phokoso la anthu omwe ankati, "Dzuka! Dzuka, mphwanga!"

Kuchipatala adokotala sanandikalipire. Anangondiyang'ana, kenaka anati disolo lapita.

Lolemba ku shedi uneneri unapitirira, wangotembenuka. Kapitawo anati iye ananeneratu kuti kupepukako n'koopsa. Wa dengu uja anati vuto linali magolovesi obwereka. Palibe amene anachita manyazi. Palibenso amene anafika kunyumba kudzaona munthu amene ankagona ndi bandeji kumaso, akugunda chitseko akamatuluka. Ndinkayezetsa masamba anga mano ali gwa, ndikupempha Ambuye kuti agwire lilime langa, chifukwa zimene zinali pamenepo sizinali zoyenera dikoni.

Patapita masabata kunafika Sabata la Mgonero. Kwathu tisanadye mkate timasambitsana mapazi, amuna kwaokha, akazi kwaokha, ndipo munthu safika pagome ali ndi mlandu ndi m'bale wake. Dikoni mnzanga uja anabwera ndi beseni ndi thaulo, n'kugwada patsogolo panga. Mtima wanga unafewa pang'ono. Ndinati wabwera kudzapepesa, ndipo ndinali wokonzeka kumukhululukira, pakuti inenso ndimakhululukidwa tsiku ndi tsiku. Ndinavula nsapato n'kuviika mapazi.

Akuthira madzi, nyimbo ikuimbidwa, anakweza mutu nandinong'oneza.

"Adikoni, akanangokweza dzanja lamanzere lija, tikanapambanatu. Akadzabwerezana, muona."

Ndinatulutsa mapazi m'besenimo madzi n'kumuthovokera pa thalauza. Ndinatuluka wopanda nsapato, ndipo mkate sindinadye tsiku limenelo. Patapita masiku akulu a mpingo anabwera kudzandikumbutsa kuti mkwiyo suyenera kugona m'nyumba ya wokhulupirira. Ndikudziwa, ndipo ndimaupereka kwa Ambuye m'mawa uliwonse, koma sunachoke.

Tsikulo nditatuluka panja, mwana wanga anali atakhala pa khonde la tchalitchi, chifukwa phokoso la m'katimo linkamupweteka mutu. Ndinamufikira cha kumanzere n'kuima pafupi kwambiri, moti ndikanatha kumugwira phewa. Anapitiriza kuyang'ana minda ya tiyi kutsidya, osadziwa kuti pali munthu. Ndinazungulira kumbuyo kwake n'kukakhala kudzanja lamanja.

"Aa, ababa," anatero. "Mwatuluka msanga. Nanga nsapato?"