Batire Lotopa la Mayi Ginka

Ndagulitsa mabatire a galimoto kuno ku Troyan zaka makumi awiri, ndipo munthu amene anandipemphapo batire lotopa ndi mmodzi yekha: mayi Ginka, aja amagulitsa tchizi cha nkhosa pamsika.

Chaka chimenecho anali atapha kale mabatire awiri atsopano. Atabwera kachitatu ndinapsa mtima, sindibisa. Batire limafa msanga ndi chisanu, ndi timaulendo tatifupitifupi, kapena nyali zikaiwalika zili chiyakire. Koma awiri m'miyezi isanu?

"Mayi, kodi mabatirewa mumaphikira?"

"Usandinene, mwanawe. Ndi a Doncho kwathuku."

Amuna awo, bambo Doncho, anakalambira pa chiwongolero cha basi ya ku Lovech. Tsopano nzeru zinali zitayamba kuwathawa. M'mawa uliwonse ankavala chipewa chawo cha ntchito, n'kukakhala m'galimoto yawo pabwalo. Ankayatsa nyali ndi wailesi, n'kumatchula midzi ya m'njira umodziumodzi, injini ili zii. Batire lililonse lingafe nazo zimenezo. Koma choopsa chinali pamene lili latsopano. Kawiri konse analiza galimoto n'kutuluka nayo, ndipo kachiwiriko anakawapeza pamsewu wa kuphiri, ataima m'chisanu, osadziwa kwawo.

"Ndingodula waya wa sitata basi," ndinatero.

"Iwe! Dzina langa amaliiwala, koma waya sangamuiwale. Atsegula boneti, pompo alumikiza. Makiyi ndinabisapo, anakana kudya masiku awiri. Undipatse batire loyatsa nyali ndi wailesi, koma losaliza injini. Likangobuula amati, 'Latopa ili, tiona mawa,' n'kubwera kudzamwa khofi."

Ndinachita manyazi ndi pakamwa pangapa. Ndinapita kuseri, pa mulu wa mabatire amene anthu amasiya akagula ena, n'kuyeza limodzilimodzi mpaka ndinapeza lofooka bwinobwino. Loweruka lililonse mayi Ginka ankalibweretsa pa kangolo kawo ka tchizi kuti ndilitchaje. Ine, amene ndimakalipira anthu ochotsa batire lisanadzaze, ndinaphunzira kulekezera pakati. Ankandidikira ali chiimire, akundinena kuti ndikunenepa ndi tchizi chawo chaulere.

Tinatero nyengo ziwiri za chisanu. Sindinamvepo akudandaula za msana, ngakhale batire si kanthu kopepuka kwa mayi wa zaka zoposa makumi asanu ndi awiri.

Mwezi wa Marichi anabwera chimanjamanja.

"Lero undipatse latsopano, lamphamvu. Mkamwini wanga azitiyendetsa popita kuchipatala."

"Nanga bambo Doncho akailiza okha galimotoyo n'kutuluka?"

Anakonza mpango wawo kumutu, ngakhale unali bwinobwino.

"Dzulo ndinaika makiyi patebulo, pafupi ndi mbale yawo. Anawatembenuzatembenuza, kenako anandifunsa kuti, 'Mayi, timeneti n'tachiyani?'"