Loko kunja, achemwali m'kati

Lachiwiri lapitali ndinakwera pikapu kupita ku Thambani kukaona achemwali anga, a Esinati. Mwa ife obadwa bere limodzi tatsala awirife, ndipo iwo miyendo inayamba kuwakana chaka chatha. Ndinafika dzuwa lisanafike pamutu. Pachitseko panali loko wamkulu, wokhoma kunja. Ndinati ndayenda ulendo wachabe, koma ndikutembenuka ndinamva munthu akutsokomola m'nyumbamo.

"Achimwene, ndinu? Mwabwera kudzaona akaidi? Khalani panjerwapo, mpando watsekeredwa limodzi ndi ine."

Tinapatsana moni pazitsulo za pawindo, kugwirana zala zokha. Anandiuza kuti mwana wawo Filesi wapita kudimba, kiyi ali m'khosi, abwera dzuwa likapendeka. Nditasuzumira ndinaona mbaula ikuyaka pakati pa chipinda, nyemba zikuwira, pambali pake mphasa ndi bulangete. Khomo ndi limodzi. Mawindo onse awiri ndi owotcherera zitsulo.

Loko ameneyu ndikudziwa kumene anachokera.

Miyezi ingapo yapitayo ku Thambani kunali maphunziro a anthu a chitetezo cha m'midzi, ndipo ine anandiitana kuti ndizilemba zokambirana. Anali a masiku awiri. Tsiku loyamba anaphunzitsa za mbava, holo inadzaza. Tsiku lachiwiri anaphunzitsa za moto, koma linagwera pa tsiku la msika, ndiye aphunzitsi ankalankhula ndi mabenchi. Mapepala a masiku onse awiri ndili nawo m'sutikesi momwe ndimasunga chilichonse, kuyambira kalata yanga ya ubatizo. Pepala loyamba likuti osachoka pakhomo osakhoma, ngakhale ukupita pamjigo pomwepa. Lachiwiri, pa mzere wachitatu, likuletsa kukhomera munthu m'nyumba. Loyambalo linayenda khomo ndi khomo. Lachiwirilo ndikuganiza kuti amene analisunga ndine ndekha.

Ndinanyamuka kukafuna a Chikaonda, mkulu wa achitetezo kumudziko. Ndinawapeza akusoka tayala la njinga. Anandimvetsera mwaulemu, kenaka anandiuza monyadira kuti chiyambire anthu kukhoma, palibe bulangete kapena wailesi yomwe yasowa. Za tsiku lachiwirilo anavomera kuti sanafike, anali ndi nkhumba yogulitsa. Sindikuwada a Chikaonda. Amagwira ntchito imeneyi mongodzipereka, ndipo zomwe anaphunzira anazigwira ndi manja awiri. Ndikuda iwo amene anagawa nkhani imodzi pawiri, ngati kuti nyumba yomwe mbava imathyola ndi ina, yomwe moto umatentha ndi inanso. Amene anakonza masikuwo sadziwa tsiku la msika ku Thambani? Akanafunsa wakabaza aliyense.

Ndipo si ku Thambani kokha. Yendani kwa Nthache nthawi yolima, yendani kuseri kwa msika paboma pano. Gogodani pamakomo okhala ndi loko. Mudzadabwa kuchuluka kwa makomo amene akuyankheni.

Bambo athu atachita khungu, amayi ankapitabe kumunda tsiku ndi tsiku. Ankawayalira mphasa pakhonde, n'kuuza a nyumba yoyandikana kuti awaonereko. Basi. Dzuwa likasuntha, aliyense wodutsa ankawakokera mphasayo pamthunzi. Wochokera kuchitsime ankawamwetsa madzi, wochokera kumaliro ankakhala pansi n'kuwauza amene analipo ndi amene sanabwere. Madzulo bambo ndiwo ankatiuza nkhani za m'mudzi, ife amaso athu. Akuba analipo, sindinama, anatibera mbuzi kawiri. Koma kukhomera munthu wamoyo sindinakuonepo. Achemwali angawa amakumbukira khonde lomwelo. Lero dzuwa amaliona likalowera pawindo n'kuyenda pakhoma.

Filesi atabwera, matope mpaka m'maondo, ndinamukalipira asanatule khasu. Anatsegula loko, n'kuwatulutsa amayi ake pakhonde, n'kuphula nyemba. Kenaka anandiyankha osakweza mawu.

"Amalume, ndiwasiyire ndani? Uku anapita ku Joni, uku anamanga mpanda, uku amachoka m'mawa ngati ine. Ndikasiya chitseko chotsegula, wakuba awakankha amayi agwe. Ndikakhala pakhomo, tidya chiyani? Inuyo mumabwera kamodzi pa miyezi iwiri, ndi mapepala."

Mawu omalizawo anandilasa, chifukwa ndi oona. Nanenso paboma pano ndimakhala kuseri kwa geti, ndipo dzina la mkazi wa neba wanga sindilidziwa.

Tinagwirizana zinthu ziwiri. Mbaula isamatsale yoyaka m'nyumba, achemwali azidya chozizira mpaka Filesi abwere. Ndipo kiyi wachiwiri, yemwe ankangokhala m'thumba la singano, akhale kwa munthu wapafupi woti angatsegule utsi ukaoneka. Ndinamutenga ndekha kupita naye kuseri kwa mpanda uja, kwa a Nagama, mayi amene anakulira limodzi ndi achemwali ndipo sachokachoka pakhomo. Anandilandira bwino, anafunsa za ana anga mmodzimmodzi. Nditatulutsa kiyi, anabisa manja m'chitenje. Anati a Esinati amawakonda, koma tsiku lomwe m'nyumbamo mudzasowe supuni, achitetezo adzayambira pakhomo pawo, ndipo iwo akalamba kwambiri moti sangayambe lero kutchedwa mbava.

Ndinagogoda nyumba zina ziwiri. Yankho linali lomwelo, mawu okha osiyana.

Kiyi uja ndinabwerera naye, ndinamusiya m'manja mwa Filesi, ndipo mawa lake iye anakhomanso popita kudimba. Achitetezo ndawalembera kalata kuti tsiku la za moto libwerezedwe, lisakhale la msika, komanso kuti azidziwa nyumba zomwe mumatsala munthu wosayenda. Kope lake ndasunga. Koma kalata sitsegula chitseko.

Inu amene mukuwerenga, yang'anani nyumba ya kumanja kwanu ndi ya kumanzere. Mutapita lero ndi kiyi wa nyumba momwe muli amayi anu, ndani angatambasule dzanja?