Kamphira ka Che Ayub

Che Ayub a ku Ngokwe sankakhudza injini asanafunse mafunso. Anthu ankatopa nawo, ena mpaka kung'ung'udza kuti munthu wabwera ndi injini yakufa koma akufunsidwa ngati ali kupolisi. Yazima ikuthamanga? Inayamba yatsokomola? Utsi unali wotani? Akamva zonse m'pamene ankamasula thumba la masipanala.

Ntchitoyi anaiphunzira ku Liwonde ali mnyamata. Atabwerera kwawo anakonza zigayo, njinga zamoto, kenako mainjini a maboti a pa nyanja ya Chiuta. Zaka makumi atatu, palibe anabwezapo ntchito yawo. Ankadzitama nazo, tisabise, ndipo amakaniko anzawo ankawatcha ongosintha mapulagi.

Chaka chatha, mvula ili pakati, boti lochokera kutsidya linazima pakati pa nyanja. Munali mayi wina, Luckness, amene uchembere unamuvuta, akuthamangira naye kuchipatala. Woyendetsa botilo, Zubairu, anakoka chingwe cha injini mpaka zala kutuluka magazi, koma injini zii. Anapalasa ndi nkhafi maola awiri. Pofika pagombe, mayiyo anali atatisiya, ndi mwana yemwe.

Choipa n'chakuti mawa lake anthu atatsegula thanki kuti anunkhize petulo, n'kukoka chingwe kamodzi kokha, injini inalira bwinobwino. Basi, mlandu unagwera Zubairu. Ena amati amasakaniza petulo ndi palafini, ena amati sadziwa ntchito. Mwini boti anamuimitsa. Ngakhale kumzikiti anthu ankamusiyira mpata waukulu pamkeka.

Zubairu anafika kwa Che Ayub nkhope itagwa.

“Bambo, kaiyang'aneni. Chimene mukapeze mukanene, ngakhale chitakhala changa.”

Che Ayub anamumvera chisoni. Anapita kugombe, namasula mapulagi, kabuleta, paipi ya petulo. Zonse zoyera. Petulo anamuthira m'botolo n'kumuyang'ana padzuwa, analibe madzi kapena palafini. Apa anakhala pansi n'kuyamba mafunso awo aja.

“Itazima, unatsegula thanki?”

“Iyayi. Mvula inali yoopsa, ndinaopa kulowetsa madzi. Ndinangoinyamula, ndinamva kuti ndi yodzaza.”

“Masiku onse chivindikiro umachimanga bwanji?”

“Ndimangochikhazika pang'ono. Koma tsikulo ndinachimanga zolimba, chifukwa cha mvulayo.”

“Chimange zolimba ngati tsikulo. Tiye pamadzi.”

Anapita awiriwiri. Anthu anatsala pagombe akudikira, pakati pawo pali Emmanuel, mwamuna wa malemuyo. Boti linadutsa mabango, n'kulowa poyera. Patapita mphindi ngati makumi awiri injini inatsokomola kawiri, n'kuzima. Zubairu anagwira mutu.

“Ndi momwemu! Wallahi, ndi momwemu!”

Che Ayub sanayang'ane injini. Maso awo anali pa thanki yapulasitiki ija, imene mbali zake zinali zitalowa mkati ngati mimba ya munthu wanjala. Anapotokola chivindikiro, mpweya n'kulowa kuti fyuu. Pa chivindikiro cha thanki pamakhala kabowo kolowetsa mpweya. Kakatsekeka, petulo amasiya kutsika, injini n'kufa ndi njala thanki ili yodzaza.

Anatembenuza chivindikirocho. Mkati munali kamphira kozungulira, kodulidwa ku chubu cha njinga. Anakazindikira, abale, anakazindikira bwino. Anakadula okha ndi lumo lawo sabata imodzi ngoziyo isanachitike, Zubairu atadandaula kuti chivindikiro chikudontha. Kanali kantchito kapanjira, koimirira, akucheza ndi anthu. Anaiwala kuboola pakati.

Zubairu sanaone kanthu, anali kumbuyo akupukuta misozi ndi malaya. Kamphirako kanali m'dzanja la Che Ayub, madzi ali pomwepo pambali pa boti. Kukaponya, n'kunena kuti munali kachitsotso m'paipi, ndani akanatsutsa? Mawu awo pa injini anali omaliza. Boti likanayenda, dzina lawo likanatsala loyera. Koma kachitsotso n'ka woyendetsa, ndiye amayenera kusefa petulo. Zubairu akanausenzabe mtembowo moyo wake wonse.

Che Ayub anachita mantha, mantha enieni. Anafumbata kamphirako, boti likungoyandama.

“Liza, tibwerere,” anatero.

Injini inadzuka.

Pagombe anthu anaunjikana. Che Ayub anatsika, madzi akuwafika m'mawondo, n'kulunjika kwa Emmanuel. Anamuonetsa chivindikiro, anamuonetsa kabowo, anafotokoza pang'onopang'ono mmene mpweya umalowera, monga ankafotokozera aliyense. Kenako anatambasula dzanja.

“Aka ndi kamene kanatseka. Zubairu alibe mlandu, petulo wake ndi wabwino.”

“Nanga anakaika ndani?” anafunsa Emmanuel, mawu ali pansi.

“Ndine, bambo. Ndi manja angawa.”

Emmanuel anatenga kamphirako, nakatembenuza kawiri, katatu. Sanakalipe. Anangoyang'ana nkhalambayo.

“Kameneka?” anatero. “Mkazi wanga, kameneka basi?”

Che Ayub anagwada m'matope momwemo.