Madzi Anathawa Dzenje la Amalume

Chaka chimene ndinali Folomu 2, mtsinje wa kwathu kuseri kwa Kabudula unauma gwa! Madzi tinkawapeza pokumba maenje mumchenga. Dzenje labwino linali la amalume, lothirira nazale yawo ya fodya. Akumwa ankatilola kutunga, poti madzi akumwa samanana. Koma amayi atapempha othirira tomato wawo, yemwe anali atayamba kufota, amalume anati, "Achemwali, tomato si ulimi. Kumbani lanu."

Ndinati chabwino, tikumba.

Maenje anga oyamba onse anathera pa dongo louma. Amalume ankadutsa ndi ndowa zawo n'kumafunsa, "Kodi mbewazo wazipeza?" Ine ndinkangokumba.

Tsiku lina ndinakakhala pansi pa gombe logumuka, pamene anthu amakumbapo mchenga womangira, n'kumayang'ana khomalo. Mchenga sunali wamtundu umodzi. Panali mzere wokhakhala wa timiyala, pamwamba pake dongo, kenako mchenga wosalala wopendekeka. Mzere wa timiyalawo unali wokhuthala pakati, wopyapyala m'mbali, ngati kamtsinje kokwiriridwa. Ndinathirapo madzi a m'botolo. Pa dongo anangotsetsereka, pa timiyala analowa pompo. Eya! Mtsinjewu kale unkagawikana n'kukumananso ngati tsitsi loluka, ndipo madzi apansi akuyendabe m'njira zakale zomwezo. Dzenje la amalume linangogwera pa imodzi mwamwayi.

Ndinatenga chitsulo chosongoka n'kuyamba kubaya mchenga. Pa dongo chinkalowa chete, pa timiyala chinkakukuta. Ndinatsatira kukukutako dzuwa likundiwotcha pakhosi mpaka njira yonse ndinaidziwa. Kumunsi kwa dzenje la amalume malo analipo, ndisaname. Ine ndinasankha kumtunda, dala.

Ndinakumba mozama kuposa iwo. Manja anatuluka matuza, matuza anaphulika, khoma linagumuka n'kundikwirira mpaka m'mawondo. Amayi anati ndisiye. Ndinafukula n'kupitiriza, mpaka timiyala tinayamba kuda, kenako madzi tumphu, ozizira bwino.

Ine ndi amayi tinatunga osapuma. Dzenje la amalume linayamba kuphwa, mpaka linatsala matope okhaokha. Anatipeza titanyowa ndi thukuta, iwo ndowa zili gwa m'manja.

"Iwe mwana iwe, wachita chiyani?"

"Ine, amalume? Madziwa ali ndi makutu. Anamva zoti tomato si ulimi."

Amayi anayang'ana kumbali, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Kenako anati, "Tungani, achimwene. Madzi samanana."

"Akumwa okha, eti amayi?" ndinatero.

Ndowa ya amalume inandiphonya pang'ono.

Tomato anadzuka, anabereka, tinakagulitsa pa Nsaru. Nazale ya amalume nayo inapulumuka, chifukwa amayi ali ndi mtima wabwino kuposa wanga. Mpaka mvula inagwa, amalume ankatunga m'dzenje langa m'mawa uliwonse, ndipo m'mawa uliwonse ndinkawalonjera mwaulemu wonse: "Mwadzuka bwanji, amalume? Mwabwera kudzaona mbewa?"