Ampu Yakale Yomwe Ndinabwera Nayo ku Joni

Ganizo lopita ku Joni ndinalipanga ndili pamsika wa Namadzi, pansi pa kashedi komwe ndinkakonzerako mawailesi ndi matochi. Tsiku limenelo ndinakhala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kubwera munthu mmodzi yekha, iyenso wodzabwereka sikuludiraiva. Ndinalongedza zida zanga ndikudziuza kuti sindingakalambire pa mawailesi akufa a eni ake.

Amayi anakana, ndipo chifukwa anali nacho. Bambo anapita komweko ine ndili sitandade 2, n'kutchona, osalembako ngakhale kalata. Kwa sabata ziwiri amayi anandilankhula podya, polima, ngakhale ndikusamba iwo ali kuseri kwa bafa. Tsiku lonyamuka anaima pakhomo n'kugwira lamba wa chikwama changa, achemwali anga a Esinati ali pomwepo. Apo ndi pomwe ndinalankhula mawu amene mpaka lero ndikawakumbukira thupi limachita tsembwe.

"Bambo sanatchone chifukwa cha Joni ayi. Anathawa pakamwa panupa."

Amayi anasiya lambayo. Anangotembenuka n'kulowa m'nyumba. Ine ndinatsetsereka wa kumsewu ndikudziona ngati ndalankhula zachamuna.

Za ku Joni sindikometsa. Miyezi yoyamba ndinatsuka magalimoto, ndinasenza simenti, ndinagona pakatoni m'chipinda cha anthu asanu, tonse a ku Malawi, aliyense akunamiza kwawo kuti zikuyenda. Ine ndinajambulitsa nditatsamira galimoto yomwe ndinali nditangoitsuka, n'kutumiza kwa achemwali osafotokoza kuti mwini wake ndani. Ndalama ndinkatumiza ndikapeza, koma amayi sindinkalankhula nawo. Kunali kudzikuza, komanso manyazi. Chaka choyambacho, nthawi ya mvula, achemwali analemba kuti amayi adwala malungo aakulu ndipo agonekedwa kuchipatala. Ndinatumiza ya mankhwala, foni osaimba. Patapita sabata zitatu analembanso kuti atuluka, ali bwino, ine nkhani n'kuitseka.

Mwayi unabwera pamene ndinapeza ntchito m'kashopu ka Mpwitikizi wina wokalamba, amene tonse tinkangomutcha Madala. Iye ankakonza zoimbira zakale zokhazokha, zija azungu amazisunga ngati ana. Pa tebulo lake panali ampu imodzi, chokuzira mawu, yoyesera masipika: yamatabwa m'mbali, kumaso kwa siliva, yolemera ngati thumba la feteleza, yaikulu kwa ine pobadwa. Tsiku langa loyamba anandiuza kuti ndiiyatse. Nditadina swichi, masipika anangoti phuu! Ndinapezeka ndili pansi pa tebulo, chifukwa sabata yomweyo ndinali nditamva mfuti mumsewu wathu. Madala anaseka mpaka kutsokomola.

Atatha kuseka anandifotokozera. Anati ukayatsa, moto umalowa mwamphamvu m'kati usanakhazikike, ndiye umakagunda sipika nthawi imodzi. Ma ampu a masiku ano ali ndi kachipangizo kodikiritsa masipika pang'ono, koma iyi kake kanafa kalekale, ndipo kutsitsa voliyumu sikuthandiza. Mankhwala ake anali batani lina lakumaso lodula masipika: uyambe wadula, uyatse, uwerenge mpaka teni, kenako ulumikize. Ndinamufunsa chifukwa chake katswiri ngati iye sankaikonza. Anati ya makasitomala amakonza, yake amangoidziwa khalidwe. Ndinaizolowera ampu imeneyo, ndipo Loweruka tikatseka ndinkatsala ndikumvetsera matepi a kwaya za kwathu, amene mnzanga wina anabwera nawo. Mawu ake anali onona, ngati oimbawo aima m'shopu momwemo. Nthawi zonse ndinkaganiza za amayi, chifukwa iwo ndi amene ankayambitsa nyimbo m'gulu la amayi kutchalitchi kwathu.

M'chaka chachiwiri, mnzathu wa m'chipinda, wa ku Phalombe, mayi ake anamwalira. Mapepala ake anali atatha, ndalama analibe, maliro anangowamvera pafoni. Kuona mwamuna wandevu akulira atakumbatira foni kunandithyola. Lamulungu lotsatira ndinakhala pa kreti kuseri kwa shopu n'kujambula uthenga wa mawu. Unatalika mphindi zisanu ndi ziwiri. Ndinati ndinalakwa, ndinati bambo anathawa udindo osati iwo, ndinati anatilera okha ndi khasu ndipo ine ndinawalipira ndi chipongwe. Pena ndinalira. Ndinatumiza pafoni ya achemwali n'kulemba kuti akawamvetsere amayi ali okha.

Yankho linabwera m'mawa mwake, lolemba: "Amva. Akuti zinatha, muzigwira ntchito."

Mawu amenewo ndi amene ndinakhalira zaka zinayi zotsatira. Zikandivuta, apolisi akandiimitsa, chisanu chikandilowa m'mafupa, ndinkatsegula foni n'kuwawerenganso. Ndipo kuchokera pamenepo amayi anayamba kunditumizira mauthenga a mawu. Ankalankhula mokuwa kwambiri, ine n'kumaseka ndi anzanga kuti amayi akuganiza kuti poti Joni ndi kutali, ayenera kukweza mawu kuti afike. Ankanena za mvula, za nandolo, za mbuzi yomwe yaswa awiri. Ndikawafunsa kanthu sankayankha chomwecho, yankho linkabwera lolemba kuchokera kwa achemwali. Ndikaimba foni, amayi ankakhala ali kudimba, kumaliro, kutchalitchi, kapena netiweki inkaduka. Zaka zinayi, ine wokonza zomvera, osazindikira kanthu.

Madala atatopa ndi ukalamba anatseka shopu. Anandipatsa ampu ija ndi masipika ake awiri, nati ndi ine ndekha amene ndikuidziwa khalidwe. Pomwepo ndinadziwa kuti ndikupita kwathu, ndipo ndinadziwa kuti mwini wake wa ampuyo akakhala amayi. Ndinaikulunga m'mabulangete awiri, n'kukangana ndi transipota tsiku lonse kuti isakwere m'ngolo pamodzi ndi mafiriji. Njira yonse ndinkaona m'maganizo amayi atakhala pakhonde, kwaya ikuimba, iwo akutsatira chapansipansi.

Ndinafika kumudzi masana. Nyumba inali ya malata tsopano, sola ili padenga, ndipo mtima unakhala pansi kuti thukuta langa silinapite pachabe. Amayi analulutira, anandigwira masaya ndi manja onse awiri n'kundiyang'anitsitsa pakamwa. Ndinalankhula zambirimbiri, iwo akungoti eya, eya, achemwali akulumphira kuyankha funso lililonse. Ndinati ndi chimwemwe basi. Paja chakudza sichiimba ng'oma.

M'mawa mwake chakumasana ndinatulutsa katundu wanga pakhonde. Anthu oyandikana nafe anasonkhana kudzaona chomwe mtchona wabwera nacho. Alamu anga, amuna awo a Esinati, anandithandiza kukoka waya kuchokera ku batire ndi inveta ya sola ija. Amayi anali atakhala pamphasa, atatipatsa msana, akusenda nandolo m'lichero, sipika imodzi ili pafupi ndi phewa lawo moti akanatambasula dzanja akanaikhudza. Ndinawasiya dala osawauza, kuti nyimbo iwadzidzimutse. Ndiye chifukwa chofuna kuonetsa, ine amene ndinawerenga mpaka teni tsiku lililonse kwa zaka zisanu, ndinaiwala kudula masipika. Ndinangodina swichi.

Phuu!

Alamu anataya waya n'kudumphira pabwalo. Mayi wina anagwetsa ndowa, nkhuku zinabalalika, galu anathawira kumunda. Ine ndinayamba kuseka, ndikutembenuka kuti ndipepese amayi, poti iwo ndiwo anali pafupi kuposa aliyense. Kuseka kunandithera pakamwa. Amayi anali akusendabe nandolo. Phewa silinagwedezeke, mutu sunatembenuke, chala chinkangotsegula khoko lina. Kenako anadzutsa mutu ataona nkhuku zikuthamanga, nayang'ana kumwamba.

"Kodi kabawi uja wabweranso?" anafunsa mokuwa.

Ndinayang'ana anthu aja mmodzimmodzi, ndipo aliyense anagwetsa nkhope. Ndinazimitsa ampu, ndinadikira pang'ono, n'kuyatsanso dala. Inaphulikanso chimodzimodzi. Amayi anatenga nandolo wina. Ndinaima kumbuyo kwawo n'kuitana, poyamba mwaulemu, kachiwiri mokweza, kachitatu ndi mawu amene anamveka mpaka kuchitsime. Sanatembenuke.

Achemwali anandikoka dzanja n'kupita nane kuseri kwa nyumba. Anandiuza kuti makutu anapita ndi malungo aja a chaka choyamba. Amayi atatsitsimuka kuchipatala ankangodandaula za kulira kwa m'makutu, kenako kulirako kunasiya, n'kusiyira limodzi ndi china chilichonse. Anayenda nawo kwa madokotala, onse anati palibe chochita. Nyimbo kutchalitchi anasiya kuyambitsa atazindikira kuti anzawo akumayang'anana. Ndipo anali amayi eni ake amene analamula kuti ine ndisauzidwe, kuopa kuti ndingasiye ntchito n'kubwera. Mudzi wonse unasunga lamulolo, mpaka abusa, mpaka anyamata amene tinkakumana nawo ku Joni komweko.

Ndinamvetsera zonsezo ngati akunena za munthu wina. Kenako chinthu chimodzi chinandibaya.

"Nanga uthenga wanga uja?"

Achemwali anayang'ana pansi.

"Ndinaumva ndine, achimwene. Katatu. Ndinalira usiku wonse."

"Ndiye amayi?"

"Ndikanawauza bwanji? Kuwerenga sadziwa. Ndi manja ndimatha kunena za madzi, za mchere, za kuti kwabwera mlendo. Mawu ngati aja alibe manja. Ndinangowaonetsa chithunzi chanu n'kuloza kuti muli bwino."

"Ndiye zoti zinatha analankhula ndani?"

"Ndine."

Ndinakwiya, ndipo ndinalankhula zambiri. Ndinati andisandutsa chitsiru, ndinati andidyera ndalama ndi bodza. Achemwali anandisiya mpaka nditatopa, kenako anandifunsa modekha ngati galimoto ya pachithunzi ija ndabwera nayo. Anati iwo ankadziwa kuti si yanga, monga momwe ankadziwira kuti masiku ena ndinkagona ndi njala pamene ndinkalemba kuti zikuyenda. Anati ine ndinkawabisira kuti asadandaule, iwonso ankandibisira kuti ndisagwe mphwayi, ndipo sakudziwa kuti wabodza wamkulu ndani. Zaka zonsezo ndinkaganiza kuti kwathu kuli monga ndinakusiyira, kukungondidikira, pamene kwathu kunkasankha mosamala zoti ine ndimve. Chimene chinandiopsa kwambiri chinali choti kwa amayi, ine ndinali ndisanapepese. Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala akulandira malata, sola ndi shuga kuchokera kwa mwana amene sananenepo kuti pepani, ndipo ankamutumizirabe nkhani za mbuzi.

Ndinafunsa ngati pali njira. Achemwali anati amayi amawerenga milomo pang'ono, ukakhala pafupi, nkhope ili powala, mawu akhale ochepa ndipo uwatchule pang'onopang'ono. Ndinkafuna kudikira kuti anthu abalalike, koma ndinaona kuti ndadikira kokwanira.

Ndinabwerera pakhonde. Anthu anali adakali pomwepo, ampu ili chiyakire. Ndinagwada pamphasa kutsogolo kwa amayi, dzuwa likundiomba kumaso. Anadabwa, naika lichero pambali. Mphindi zisanu ndi ziwiri zija zinayenera kulowa m'mawu atatu.

"Amayi. Ndinalakwa. Pepani."

Anakwinya pamphumi, nasendeza nkhope pafupi. Ndinabwereza, ndikutsegula pakamwa ngati mwana wophunzira kuwerenga. Kachitatu ndinaloza pakhomo pamene anaima tsiku lija, ndinadziloza pakamwa, n'kuomba m'manja mwaulemu mutu uli pansi. Nditadzutsa maso ndinaona kuti amva, m'njira yokhayo imene yawatsalira. Anandigwira chibwano, ndipo poti sadziwa kukula kwa mawu awo, anayankha mokuwa, pabwalo ponse pakumva.

"Ndaona, Lameki. Ndakhululuka, ndinakhululuka kalekale. Koma mwachedwa nawo mawuwa, bambo. Makutuwa anatseka ali ndi mawu ako omaliza aja, ndipo ndikamakuganiza ndimamva omwewo. Enawa ndangowaona."

Anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje, nakoka lichero n'kuliika pakati pathu. Ndinatenga nandolo n'kuyamba kusenda nawo limodzi.