Ndowe M'munda mwa Alamu

"Bwezani chimanga changa, alamu! Mwachikawa ndinu!"

Anakuwa motero achimwene ake a mkazi wanga, ataima pamalire a minda yathu, anthu ochokera kothyola tiyi akumva. Kukawa ndiko kukoka chimanga cha mnzako ndi mankhwala kuti chikabereke kwako. Ine munthu wopita kusukulu ya mishoni ku Makwasa, wosunga Sabata, kundinenera zimenezo! Ndinaponya khasu pansi. Ndikanakhala nalobe m'manja, kaya.

"Chimanga chili ndi miyendo, alamu? Munachiona chikudumpha malire?"

"Ndinakuonani ndi maso angawa mukukwirira zinthu m'mizere."

"Ndowe! Ndowe za ng'ombe! Bwerani mudzanunkhize ngati mphuno muli nayo."

Masiku amenewo tinkakhala pamalo a esiteti ya tiyi, tikulipira malowo ndi ntchito ya thangata. Ine ndinali mkamwini, ndipo minda inali ya mbumba ya mkazi wanga. Anatipatsa kamunda kotsetsereka komwe aliyense anakakana, dothi lofiira lotopa, kaufiti yekhayekha. Anthu onse ankalima matutu monga ankachitira makolo awo asanawoloke kuchokera kwa Apwitikizi: kusonkhanitsa zinyalala, kutentha, n'kuunjikapo dothi. Ine ndinachita zimene ndinaona kumishoni. Ndinaunga mizere yopingasa kuti madzi asamathawe ndi nthaka. Mapesi sindinatenthe, ndinawakwirira. Ndowe za ng'ombe zokoka ngolo za tiyi zinkangounjikana kuseri kwa khola, ndipo kapitawo anandilola kutapa, uku akuseka. Ndikaweruka ndinkasenza dengu, kukakhuthula m'dzenje pamodzi ndi phulusa ndi makoko a nandolo, mpaka zonse zitawolerana.

Chaka choyamba anandipatsa dzina loti mphunzitsi wa ndowe. Chaka chachitatu, chimanga changa chisanafike n'komwe m'mawondo, chinabiriwira mpaka kuda, pamene cha alamu chinali chachikasu ngati chodwala. Kuseka kunathera pomwepo.

Koma ine sindinakhulupirire kuti alamu ankaopadi mankhwala. Bwanji sanalankhule chaka chathacho? Anadikira kuti munda ukhute kaye. Mkamwini akatchedwa mfiti amapinda mphasa yake n'kumapita, koma munda sausenza. Ndipo mundawo ukanatsalira ndani, ngati si mwini munda wa pamalire?

Madzulo dzuwa lisanalowe anabwera atsibweni a mkazi wanga, eni mbumba. Anakhala pakhonde, nafwenkha fodya wawo mosafulumira.

"Akamwini, ife sukulu sitinaione. Ngati mankhwala anu ali ndowe basi, kathireni m'munda mwa alamu anuwa. Chimanga chikadzuka, nkhani yatha. Chikakanika, mudzatiuza china chimene mumakwirira."

Msampha ndinauona. Ndikakana, ati ndikubisa. Ndikathira munda wonse, dzenje langa lithera kwa munthu amene sanasenzepo dengu ngakhale limodzi. Ndipo chikabiriwira, adzati ndachita mantha, ndabweza chimene ndinaba. Chinanso, manyowa amafuna kulowa m'nthaka mbewu isanagwe, osati chimanga chitafooka kale.

"Nanga mvula ikadula, mudzatinso ndaimanga ine?"

"Mumafulumira kupsa mtima, akamwini."

"Ndipse mtima mochedwa kuti mundithamangitse ndikumwetulira?"

Iwo anangoyetsemula, nanyamuka.

Nthawi yonseyi mkazi wanga ankasenda chinangwa, osatukula mutu. Alendo atapita ndinamutembenukira.

"Amayi, mwangoti duu. Kapena nkhaniyi mumaidziwa kale?"

"Ndowezo ndinkasenza nanu limodzi, mpango wanga mpaka lero ukununkha. Ndikanalankhula akanati munandidyetsa mankhwala inenso. Mukafuna kuwayankha, pakamwa panupo musagwiritse. Pamatentha."

Sindinamukhulupirire kwenikweni. Mlongo wake ndi mlongo wake. Koma mawu aja anandikhala.

M'mawa mwake sindinalawirire ndekha, kuopa kuti angadzati ndinakwirirako china anthu asanadzuke. Ndinadikira belu la esiteti, nthawi imene njira imadzaza ndi othyola tiyi, madengu kumsana. Ndinatapa manyowa m'dzenje anthu akuona, ndikuwaitana ofuna kuti apisemo dzanja. Kenako ndinatuma mawu kwa atsibweni ndi alamu kuti andipeze kumunda.

Dengu ndinalitula pamapazi a alamu.

"Mankhwala aja ndi awa. Ine m'munda mwanumu sindiponda. Thirani nokha."

"Ine ndigwire ndowe?"

"Ine ndagwira zaka zitatu, zala zilipobe. Matutu a m'mbali mwa njirawa thirani, mukumbe pang'ono n'kukwirira. Otsatirawo muwalumphe, ena aja muthirenso. Ngati ndikubweza chimanga chokawa, chidzabwerera munda wonse. Chikadzuka pokhapokha pamene mwathirapo, atsibweni ali ndi maso, ndipo anthu awa amadutsa pano tsiku lililonse."

Mayi wina wa dengu kumsana anaseka. Atsibweni sanaseke. Anayang'ana alamu, nawalozera dengulo ndi chibwano.

Alamu anawerama, nkhope itakwinyika. Ine ndinaima panjira, manja kumbuyo, maso pa zala zawo, kuti pasapezeke matutu oyenera kuthiridwa atalumphidwa mwadala. Kapitawo anakuwa kawiri kuti ndachedwa. Sindinasunthe mpaka dengu litagogodedwa pansi.