Kababu Koyaka Nthawi Isanakwane

Bambo ankakonza mawailesi pakhonde pathu ku Chilomoni. Chaka chomwe mayi anamwalira, nditabwera ku holide kuchokera kukoleji, ndinawaonetsa kabolodi ka zamagetsi komwe ndinalumikiza ndekha. Panali timababu tiwiri, ndipo kachiwiri kankawala koyamba kasanawale, chonsecho kankalamulidwa ndi koyambako.

"Zamatsengatu izi," anatero bambo.

Ndinawafotokozera kuti kachiwiriko kamangoona mmene magetsi ayambira kukwera, n'kuganizira zotsatira. Mukadula waya mwadzidzidzi, kamapitirirabe pang'ono, kuyembekezera zomwe sizibwera.

Bambo anabwerera pa wailesi yawo. Posakhalitsa anatambasulira dzanja kumbuyo osacheuka, komwe mayi ankakhala n'kumawapatsira sikuludiraiva asanapemphe. Dzanjalo linangokhala m'malere.

Ndinafulumira kuikamo sikuludiraivayo asanacheuke.